Filimu yachikondi itajambulidwa pa Milepa, mtsikanayo angasewere ndani?

Asisi, mukudziwa kamchezo kaja timakakonda tikamaliza buku lachikondi: litasanduka filimu, mtsikanayu angasewere ndani? Nanga mnyamatayo? Tiyeni ticheze komweko lero, koma nkhani yake tiyiike pa Milepa, m'boma la Chiradzulu.

Mtsikana wathu ali Folomu 2, zaka 15. Amayenda wapansi kupita kusekondale yoyendera, ndipo tsiku la msika amathandiza mayi ake kugulitsa nandolo ndi tomato. M'kalasi mwake muli mnyamata amene amamubwereka buku la masamu ataikamo kakalata. Pamsewu palinso bambo wina wa njinga yamoto, wandalama zake, amene amamuimira n'kumuuza kuti akwere ulere.

Ndiye taonani nkhope imene imayamba kutibwerera m'mutu. Kawirikawiri ndi mayi wa zaka 25 kapena 30, woyera khungu, wa wigi, wa Chichewa cha ku Namiwawa kapena ku Area 47. Ife tikuti nkhani imawonongekera pomwepo, kamera isanayake n'komwe.

Mayi wamkulu akavala yunifolomu n'kusewera mwana wa zaka 15, maso athu amazolowera kuti mwana wa zaka 15 amaoneka choncho: thupi lokhwima, mawu okhwima, wodziwa chimene akufuna. Bambo wa njinga yamoto uja akayamba kumunyengerera, oonera saonanso munthu wamkulu ndi mwana. Amaona chibwenzi cha anthu awiri ofanana. Limeneli ndi bodza lomwe lija timalimva m'midzi ndi m'matauni momwe, lakuti "ameneyu wakula kale".

Bodzali lili ndi mtengo wake. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la maukwati loika zaka 18 ngati msinkhu wokwatiwira, ndipo mu February 2017 inasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Koma kafukufuku wa DHS wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 aliwonse a zaka 20 mpaka 24, amayi 42 anakwatiwa asanafike zaka 18. Lamulo linalembedwa, inde. Chatsala ndi chakuti anthu akamuona mtsikana wa Folomu 2 aziona mwana, ndipo mafilimu ali ndi gawo pamenepo.

Wina anena kuti ndiye tingotenga mwana weniweni wa zaka 15. Ayi ndithu. Mu sewero la Romeo and Juliet, lomwe ambirife tinaliwerenga kusekondale, Juliet sanakwanitse n'komwe zaka 14. Pojambula filimu yake ya mu 1968, Franco Zeffirelli anatenga Olivia Hussey wa zaka 15 ndi Leonard Whiting wa zaka 16. Mu 2022, onse awiri atapitirira zaka 70, anasumira kampani ya Paramount ponena kuti anawajambula osavala pomwe anawalonjeza kuti sizichitika. Khoti linauthetsa mlanduwo, koma taganizani: zaka zoposa 50 zadutsa, munthu chikumuwawabe. Sitingateteze mwana wa m'buku popereka nsembe mwana wamoyo.

Ife chisankho chathu ndi ichi. Mtsikanayo asewere mtsikana wa zaka 18 kapena 19, wongolemba kumene MSCE, amene dziko silinamudziwe. Khungu lake likhale lomwe anabadwa nalo, tsitsi lometa ngati la ana a sukulu za boma, Chichewa chake chikhale cha ku Chiradzulu, chodonthera Chilomwe kapena Chiyao apo ndi apo. Musatiuze kuti kulibe. Ali m'magulu a zisudzo a m'masukulu, amene ena amafika mpaka ku mpikisano wa ATEM. Ali m'makwaya ndi m'magulu a achinyamata.

Kasankhidwe kakenso n'kofunika. Kuyesa osewera kuchitikire pa Milepa pomwepo, masana, pagulu, ndipo mwa osankhawo mukhale amayi. Pakhale pangano lolemba lonena malipiro ndi zimene adzajambulidwe. Zomauza mtsikana kuti abwere yekha ku loji "akakambirane za mbali yake" zithe.

Akatswiri athu odziwika malo awo alipo, ndipo ndi aakulu. Mayi a mtsikanayo tikuona Flora Suya, amene mu Seasons of a Life ya Shemu Joyah anasewera mtsikana wantchito wopatsidwa mimba ndi bwana wake. Ululu wa nkhani ngati iyi anauonetsa kale, ndiye tangoganizani akuyang'ana mwana wake akutsika pa njinga yamoto ija. Mphunzitsi wamkazi amene amayamba kuzindikira kuti zinthu sizili bwino akhale Tapiwa Gwaza, yemwe filimu yomweyo inamupezetsa mphoto ya AMAA mu 2010. Mchemwali wake wamkulu akhale Lily Banda, amene anasewera Annie mu The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019. Ndipo wotsogolera kujambula akhale Joyce Mhango Chavula, amene filimu yake ya Lilongwe inapambana mphoto ya AMVCA mu 2016.

Nanga amunawo? Mnyamata wa kakalata uja akhale wa msinkhu wa mtsikanayo, wamanyazi, nsapato zake zoti zaona zambiri. Chikondi cha ana a sukulu chili ndi kukoma kwake, ndipo chionetsedwe momwe chilili: kuperekezana, kuseketsana, kuopa kuonedwa ndi amalume. Bambo wa njinga yamoto asakhale chilombo cha maso ofiira, chifukwa anthu oterewa saoneka choncho. Akhale wooneka bwino, waulemu, wopatsidwa moni ndi aliyense pamsika. Koma zaka zake zioneke, mphete yake ya ukwati ioneke, ndipo akamalankhula ndi mwanayo pasamveke kanyimbo kachikondi.

Tikudziwa opanga mafilimu adzati nkhope yosadziwika sigulitsa. Jenny Han, mlembi wa To All the Boys I've Loved Before, anakana makampani amene ankafuna kuti Lara Jean, mtsikana wa makolo a mtundu wosakanikirana wa ku Korea ndi America, asanduke mzungu. Filimuyo inatuluka pa Netflix mu 2018 ndi Lana Condor, ndipo inakondedwa mpaka kutsatiridwa ndi zina ziwiri. Anthu amathamangira filimu imene akudzionamo.

Filimu yathuyi idzaoneredwa pa mafoni ndi m'nyumba zoonetsera kanema za pa Milepa pomwepo. Mtsikana wokhala pa benchi m'menemo aone mnzake wakuda, wometa, akukondedwa popanda mafuta oyeretsa khungu. Aonenso bambo wa njinga yamoto uja, n'kumuzindikira mawa lake akamuimira pamsewu.

Inuyo asisi, kwanuko kuli mtsikana amene akakwera pa siteji anthu amasiya zolankhula? Muuzeni kuti mbali imeneyi ndi yake, ndipo akadzapita kukayesedwa mudzamuperekeze.