Mphunzitsi ayambe wafunsa asanatumize

Sukulu zitatsekedwa m'chaka cha 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, maphunziro ena anayamba kuulutsidwa pa wailesi kuti ana asaiwale zonse ali kunyumba. Sukulu zinatsegulidwanso, koma nzeru ija inatsala. Lero mphunzitsi amene ali ndi foni ya m'manja angathe kujambula mawu ake akuphunzitsa masamu kapena kuwerenga, n'kuwatumiza kwa makolo pa WhatsApp. M'mizinda mapulogalamu otere amawatcha podcast, ndiko kuti nkhani za mawu okhaokha zonga za pa wailesi, zimene munthu amamvera nthawi imene wafuna yekha.

Ntchito imeneyi ndi yabwino ndipo iyenera kulimbikitsidwa. Chigawo cha Tete ndi chimodzi mwa zigawo ziwiri kumene boma linayesera kuphunzitsa ana m'chilankhulo chawo pamodzi ndi Chipwitikizi, kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo chilankhulo chake chinali Chinyanja. Mu 2003 njirayi inalowa m'sukulu zina za m'dziko muno. Komabe mabuku a Chinyanja sakwanira mwana aliyense. Phunziro la mawu limafika kumene buku silinafike, ndipo agogo osadziwa kuwerenga amamva nawo zimene mdzukulu wawo akuphunzira.

Koma mphunzitsi woganiza bwino, asanatumize, amayamba wadzifunsa mafunso awiri: kodi mawu awa ndi a yani, nanga akafika kwa yani?

Funso loyamba likukhudza eni ake a nyimbo ndi mabuku. Woyimba amene wapeka nyimbo ali ngati mlimi wa mbatata ku Tsangano: anakhetsa thukuta, ndipo zokolola ndi zake. Lamulo la 2001 loteteza olemba ndi oyimba linati ntchito ya munthu ikhale yotetezedwa moyo wake wonse ndi zaka 70 iye atamwalira. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano, nambala 9/2022, m'malo mwa lakale lija. Kuwerengera ana ndime yaifupi m'kalasi, n'kutchula amene analemba, si kulakwa. Koma kutenga nyimbo yonse ya woyimba wa ku Tete kapena wa ku Malawi, kuiika m'pulogalamu ndi kuimwaza pa intaneti mwini wake osadziwa, n'chimodzimodzi kukolola m'munda wa mnzako. Mphunzitsi amene amakalipira ana akamakopera mayeso sangawaphunzitse kuona mtima ndi zinthu zotola.

Nthano ndi miyambi nazonso zili ndi osunga ake. Gogo akavomera kujambulidwa, auzidwe momveka kuti mawu ake adzamveka kutali, ndipo dzina lake litchulidwe ngati iye wafuna. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005 monga chuma cha Achewa a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia, koma zimenezo sizinatsegule khomo la kudambwe. Zapabwalo ndi zapabwalo, ndipo pa zinazo mfumu ndi akuluakulu a mwambo ndiwo ali ndi mawu.

Funso lachiwiri ndilo lolemera koposa, pakuti likukhudza mwana. Kuno kumalire uthenga suima pa Calómuè kapena pa Zóbuè kuti uonetse chiphaso. Zimene zajambulidwa m'mawa ku Ulónguè, pofika madzulo zingakhale zili ku Dedza, ku Lilongwe, mwinanso m'foni ya munthu wosadziwika ku Johannesburg. Mphunzitsi angafufute m'foni mwake, koma sangafufute m'mafoni a onse amene analandira. Madzi akatayika saoleka.

Tsono mwana akanena dzina lake lonse, mudzi wake ndi njira imene amadzera popita kusukulu, munthu wa mtima woipa wapatsidwa zonse zimene amafuna. Atsikana ndiwo ali pa ngozi yaikulu, makamaka kwa anthu olonjeza ntchito ndi ndalama kutsidya kwa malire. Palinso choipa china chosaoneka msanga: mwana amene wajambulidwa akuchita chibwibwi powerenga amasanduka choseketsa pamsika, ndipo mawa lake safunanso kukweza dzanja m'kalasi.

Njira yake si yovuta. Mphunzitsi asajambule mwana makolo asanavomere, ndipo mwanayo afunsidwenso. Dzina la bambo ndi la mudzi zisatchulidwe, ndipo pamene mawu okha akukwanira, chithunzi chisatengedwe. Nyimbo zikhale zimene ana ndi mphunzitsi apeka okha, kapena zimene mwini wake walola. Komiti ya sukulu, mmene muli makolo ndi atsogoleri a m'mudzi, ikhale pansi ndi a mkulu wa sukulu kuti agwirizane zimenezi vuto lisanagwe. Ndipo kholo lililonse lidziwe nambala 116 ya Linha Fala Criança, imene imaimbidwa mwaulere mwana akavutitsidwa.

Makolo nawonso asaope kufunsa poganiza kuti mphunzitsi ndi wophunzira kuposa iwo. Mwana ndi wawo, ndipo mphunzitsi wabwino sakwiya ndi funso lotere. Foni ilowe m'kalasi ndithu, koma ilowe monga amalowera mlendo waulemu, ataodira pakhomo.