Khadi lalowa, koma kodi lili pa slot yoyenera?

Achimwene anga amajambula mavidiyo a maukwati. Mwezi watha malo olumikiza ma hard drive pa kompyuta yawo anatha, ndiye anaitanitsa khadi la LSI 9207-8i, lomwe limanyamula ma drive 8. Analilowetsa pa slot yaitali ya m'munsi, n'kuyatsa. Zii! Kompyuta sinalione n'komwe. Anandiimbira mtima uli m'mwamba, akuti awagulitsa chakufa.

Khadi linali lamoyo. Pa motherboard yawo, slot imeneyo imagawana njira ndi malo a M.2, pomwe panali kale SSD. Ukadzaza kwinaku, kwinako kumazima. Zinalembedwa m'kabuku ka motherboard, kaja timataya limodzi ndi katoni.

Nkhani ya ma slot a PCIe yagona pa njira, zomwe amati ma lane: x1, x4, x8, x16. Musapusitsidwe ndi kutalika. Slot ikhoza kuoneka ya x16 koma mkati munalumikizidwa njira 4 zokha. Ya pamwamba nthawi zambiri imapita molunjika ku purosesa, ndipo ndi pokhala graphics card. Za m'munsi zambiri zimadzera pa chipset, kumene zimapanikizana ndi USB, netiweki ndi ma SATA.

Ndiye muike pati? Yambani mwawerengetsera. Pa PCIe 3.0 njira imodzi imanyamula pafupifupi 985 MB pa sekondi, choncho x4 ndi pafupifupi 3,900. Hard drive wamba imathamanga cha m'ma 200. Ma drive 8 ndi 1,600 basi, x4 ikukwana bwinobwino ngakhale khadilo ndi la x8. Koma mukaika ma SSD a SATA 8, iliyonse cha m'ma 550, mwafika 4,400. Apo x4 yachepa, funani x8 yopita ku purosesa. Dziwani kuti pa ma motherboard ambiri, slot yachiwiri ikadzaza, graphics card imatsika kuchoka pa x16 kufika pa x8. Ine zimenezo sizindidetsa nkhawa, kusiyana kwake n'kochepa moti ambiri sangakuone.

Chomwe chimandiopsa ndi kutentha. Makhadi amenewa anapangidwira ma server, momwe mphepo imawomba mwamphamvu usana ndi usiku. Mukalipanikiza pansi pa graphics card m'kabokosi kopanda mpweya, kunja kuli dzuwa la Okutobala, likhoza kuyamba kutaya ma drive ntchito ili mkati. Ndipo ukwati wa eni ake sungaujambulenso kachiwiri. Ngati pali ma slot awiri okwana, sankhani yotalikirana ndi graphics card, muikeponso kafani.

Achimwene tinawasamutsira SSD ija pa M.2 ina, khadi n'kutsala m'munsi momwemo, kafani pambali. Tinayamba tazula chingwe cha magetsi kukhoma. Titayatsa, ma drive onse anaoneka.