Musanalipire fizi, kaoneni kaye mochitira ntchito

Msika wa fodya wa Chinkhoma ukamayandikira kutseka, zikwangwani zoitanira ophunzira ku makoleji zimayamba kuchuluka m'tauni ya Kasungu ndi m'malo ochitira malonda monga Santhe ndi Nkhamenya. Eni makolejiwo si ogona. Amadziwa kuti mlimi wa fodya amagwira ndalama kamodzi pachaka, ndipo amadziwanso kuti m'nyumba zambiri muli mnyamata kapena mtsikana amene adalemba MSCE koma sadapeze malo ku yunivesite.

Nkhaniyi ikutikhudza ife a kunyanja kuposa mmene ambiri amaganizira. Kwa zaka zambiri abale athu ochokera ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota akhala akukwera malole kukalima m'maesiteti a ku Kasungu. Ena adakhazikika komweko, ana awo adabadwira pakati pa zigafa. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la zantchito n'kuletsa utenanti, ndipo aliyense akuona kuti fodya sangakhale cholowa chodalirika cha mdzukulu. Kholo likafuna kuti mwana aphunzire luso lamanja, ife tikuti laganiza bwino. Mantha athu ali pa kasankhidwe ka koleji.

Boma lidayamba ndondomeko ya makoleji a ntchito zamanja a m'madera mu 2015, pomwe Pulezidenti Peter Mutharika adaikhazikitsa ku Ngara m'boma la Karonga. Cholinga chidali chakuti wachinyamata asamachite kupita ku Soche, Nasawa, Namitete, Salima kapena Livingstonia kuti akaphunzire ukalipentala, kumanga nyumba, kuwotcherera zitsulo kapena kusoka. Pambali pa makoleji a bomawo pali ena a mipingo, a mabungwe ndi a anthu wamba. Ena mwa iwo ndi abwino kwambiri. Ena ndi chipinda cha lendi, bolodi ndi buku la malisiti basi.

Funso loyamba ndi la kalembera. Bungwe la TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1999, ndilo limalembetsa malo ophunzitsira ntchito zamanja, pomwe maphunziro a pamwamba monga madigiri amayang'aniridwa ndi NCHE. Pemphani kuti muone chikalata cha kalembera ndi maso anu, muwerenge dzina ndi chaka chake, kenaka mukafunsenso ku bungwe lenilenilo. Funsaninso kuti mayeso omaliza amakonza ndani ndipo setifiketi idzatuluka ndi chidindo cha yani. Pepala limene koleji yadzisindikizira yokha limakongoletsa khoma la pabalaza, koma kontilakitala wa ku Lilongwe saliyang'ana kawiri.

Apa ndi pomwe tikufuna kukhalitsapo: kaoneni chipinda chochitiramo ntchito, ndipo mupite tsiku la maphunziro, osati tsiku limene akuitanani. Tidaperekezapo mwana wa mnansi wathu ku koleji ina, dzina tisunga. Ku ofesi kudali mipando yawofuwofu ndi zithunzi za omaliza maphunziro atavala mikanjo. Titapempha kuona kosokera, adayamba kufunafuna makiyi. Atatsegula tidapeza makina anayi, awiri atachita dzimbiri, pomwe ophunzira adali odzaza kalasi akukopera notsi za mmene amadulira kolala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Luso lamanja sililowa kudzera m'khutu. Mmisiri wa matabwa amapangidwa ndi mapulanga amene wawononga pophunzira, ndipo wowotcherera amadziwika ndi timabala ta moto pa ovolosi yake. Choncho werengani zipangizo, muwerengenso ophunzira. Yang'anani pansi ngati pali utuchi, zidutswa za nsalu kapena matope a njerwa. Funsani amene amagula simenti, ulusi ndi ndodo zowotcherera, chifukwa nthawi zina fizi imaoneka yotsika pomwe zonsezi zidzagwera kholo. Funsani zomwe amachita magetsi akazima. Mphunzitsi naye mumuone manja. Amene sadagwirepo ntchitoyo pamsika adzaphunzitsa zimene adawerenga.

Pambuyo pake fufuzani komwe ophunzira amatumizidwa kukazolowera ntchito, komanso komwe ali amene adamaliza chaka chatha ndi dzana. Koleji yoona idzakulozerani shopu ya wina pamsika kapena nyumba imene wina akumanga. Pitani mukacheze naye mphunzitsi wamkulu palibe.

Luso lenilenilo lisankhidwe poyang'ana kumene mwanayo adzakhale. Ku Kasungu njinga zamoto za kabaza zadzaza misewu, ndipo zonsezo zimafuna makaniko. Magetsi a dzuwa ndi mapampu othirira mbewu akulowa m'midzi yomwe mawaya a ESCOM sadafike. Amene adzabwerere kunyanja akumbukire injini za maboti, ukalipentala wokhoma mabwato ndi mafiriji osungira nsomba. Tikudziwa kuti ana ambiri amakopeka ndi maphunziro a mayina aatali a Chingerezi, okhalira pa desiki. Sitikuwanyoza, koma maofesi ndi ochepa ndipo mzere wake ndi wautali kale.

Pali zina zomwe banja la Chisilamu liyenera kufunsa poyera, mopanda manyazi ndi mopanda mkangano. Kodi Lachisanu masana mwana adzaloledwa kupita ku Jumu'a, nanga mzikiti uli patali bwanji? Ngati pali chakudya cha pasukulu, nyama yake amazinga ndani? Za hijabu, mgwirizano umene atsogoleri a Chikhristu ndi a Chisilamu adasainira mu 2021 mothandizidwa ndi PAC udachepetsa mikangano m'sukulu, komabe ndi bwino kumva kuchokera pakamwa pa mkulu wa koleji. Ifenso timvetse mbali yawo: pafupi ndi makina ozungulira, nsalu yolendewera ndi ngozi, motero mtsikana aphunzire kuimanga mothina ndi kuilowetsa m'kati mwa ovolosi. Za kogona ndiye musazisiye m'manja mwa mwana. Ngati koleji ilibe malo ogona, kaoneni nokha nyumba ya lendiyo, mudziwe mwini wake ndi anthu oyandikana nawo, makamaka ngati wopitayo ndi mtsikana.

Pomaliza pali ndalama. Muwerengere maphunziro onse mpaka kumapeto, osati teremu yoyamba yokha: fizi, ndalama ya mayeso, lendi, chakudya, nsapato zantchito ndi zida zoyambira akadzamaliza. Teremu ya Januwale imafika fodya ali m'munda, nkhokwe itapepuka, ndipo ndi nthawi imeneyo pomwe makolo amagwa m'manja mwa akatapila, chinthu chimene chipembedzo chathu chimaletsa ndiponso chimene chathetsa mabanja ambiri. Ngati ndalama ya chaka chino singakwane miyezi yonse, patulani gawo la Januwale lero, belo lomaliza lisanagulitsidwe, ndipo mukalipira ku koleji mulandire lisiti yokhala ndi chidindo, dzina la mwana ndi tsiku.