Manambala awiri amene timawanyalanyaza

Tsegulani buku lanu la kuchipatala. Penapake mupeza manambala awiri olekanitsidwa ndi kamzere: 120/80, mwinanso 160/100. Ambirife timangowayang'ana n'kubweza bukulo m'chikwama, osafunsa adokotala kuti akutanthauzanji, chonsecho akunena za mmene mtima ndi mitsempha yathu ilili.

Mtima wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi magalamu 300 basi, ndipo uli ndi zipinda zinayi, ziwiri pamwamba, ziwiri pansi. Mbali ya kumanja imalandira magazi amene agwira ntchito m'thupi n'kuwatumiza kumapapo kukatenga mpweya wabwino. Ya kumanzere imawalandira akabwerako n'kuwakankhira mumtsempha waukulu wotchedwa aorta, umene nthambi zake zimafika kuubongo, kuimpso, mpaka kuzala zakumapazi. Poti ulendowu ndi wautali, khoma la chipinda chapansi chakumanzere ndi lochindikala kuposa onse. Mulinso tizitseko tinayi toletsa magazi kubwerera m'mbuyo, ndipo kugunda kumene adokotala amamvetsera pachifuwa ndi kutsekeka kwa tizitsekoti. Munthu atangokhala phee, mtima umagunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi, n'kupopa magazi okwana malita 5, pafupifupi magazi onse a m'thupi mwake.

Gwirani padzanja, m'munsi mwa chala chachikulu. Kadidididi mukumvako ndi mtsempha ukutamuka mtima ukafinya magazi, kenako n'kubwerera mwakale, ngati chubu chatsopano cha njinga. Nambala yapamwamba ija ndi mphamvu ya magazi pa makoma a mitsempha pamene mtima wafinya. Yapansiyo ndi mphamvu yotsala pamene mtima wamasuka kuti udzazenso.

Mphamvuyi, imene timaitcha BP, ikamakhala pa 140/90 kapena kuposa apo kwa zaka, mitsempha imauma, m'kati mwake mumakalika, mafuta n'kumaundana pokalikapo, njira n'kumachepa. Mtima umakakamizika kupopa mwamphamvu. Mnofu wake umachindikala, kenako umalema: miyendo kutupa, befu pokwera kachitunda, usiku kugona chotsamira mapilo atatu. Natonso timitsempha tomwe timadyetsa mtima weniweniwo tikatsekeka, munthu amatha kungogwa osadzukanso. Ukaphulika kapena kutsekeka mtsempha wa muubongo, ndiye sitiroko: kamwa kupindika, mkono kufa, mawu osamveka. Kumudzi amati amumenya hamala, ndipo maliro asanathe zala zaloza kale agogo ena osalakwa.

Choopsa n'chakuti zonsezi zimachitika munthu akudya bwino, akulima, akuseka. Kafukufuku wa STEPS amene unduna wa zaumoyo unachita mogwirizana ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi Mmalawi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Sikuti ndi matenda a mabwana a mimba zazikulu okha. Amagwira ndi wowonda yemwe wopalasa kabaza.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mawu akuti, "Ndinasiya mankhwala, mutu unasiya kupweteka." Mutu si sikelo ya BP. Mankhwalawo sachiza ngati a malungo oti ukamaliza masiku atatu basi zatha; amangogwira mphamvu ya magazi kuti isakwere, ndipo ukawasiya imakweranso mwakachetechete. Enanso amati BP yawo ndi ya maganizo, idzatsika ngongole ikatha. Maganizo amaikwezadi, koma mitsempha sidikira kuti ngongole ithe.

Tiyang'anenso m'mbale mwathu. WHO imati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, osadzadza n'komwe supuni yaing'ono ya tiyi. Ife timathira mumphika, n'kuthiranso m'mbale tisanalawe, ndipo pachiwaya tchipisi ndi kanyenya timazisunsa mumulu wa mchere. Mchere wambiri umasunga madzi m'magazi, mphamvu ija n'kukwera. Onjezanipo fodya, kachasu ndi kukhala tsiku lonse pampando.

Kuyezetsa BP sikutenga ngakhale mphindi zisanu, ndipo kuzipatala za boma n'kwaulere. Kusamalira munthu wofa ziwalo kumatenga zaka, ndipo kawirikawiri amene amasiya geni kapena sukulu kuti azimutembenuza pamphasa ndi mkazi wake kapena mwana wake wamkazi. Amene akuti akumva bwino ndiye sakayezetsa aganizire za anthu amenewa.