Musamunamize Wojambula wa ku Chembe

Sabata ino ndabwera ndi mlandu, ndipo woimbidwa mlanduwo ndi inuyo. Mnyamata kapena mtsikana akakuonetsani chithunzi cha munthu chimene wajambula pa foni, mumati chiyani? "Eee, zili bho, ndiwe dolo!" Basi, n'kumubwezera foni yake. Mumtima mumati mwamulimbikitsa. Ine ndikuti mwamunamiza, ndipo mwachita zimenezo chifukwa cha ulesi woyang'anitsitsa.

Taganizirani za ku Chembe, mudzi wa asodzi uja wa ku Cape Maclear, wozunguliridwa ndi Lake Malawi National Park imene inakhazikitsidwa mu 1980, UNESCO n'kuiika m'gulu la malo a chuma cha dziko lonse mu 1984. Alendo sasowa kumeneko, ndipo ojambula amawagulitsa zithunzi za pansalu: dzuwa likulowa cha ku chilumba cha Thumbi, bwato, mbuna za mawangamawanga. Mlendo amagula, kumwetulira, n'kumapita. Sanganene kuti dzanja ili lapindika. Iye akungofuna chikumbutso. Msika wotere umaphunzitsa munthu kubwereza chimene chinagulidwa dzulo. Ndiye mwana amene wayamba kujambula nkhope za anthu ndi chala pa ibisPaint, amuuze zoona ndani ngati inunso mukuchita ngati mlendo?

Tiyerekeze wajambula msodzi wa usipa ali panyanja usiku. Yang'anani kaye kuwala. Usipa amaukopa ndi nyali, choncho nkhope iyenera kuwala mbali imene kuli nyaliyo, mbali inayo n'kumira mumdima. Ngati nkhope yonse yawala mofanana ngati chithunzi cha pa chitupa, muuzeni. Onaninso bwato. Lathu ndi lopapatiza kukamwa, munthu amakhala pamwamba, miyendo yokha ndiyo imalowa m'kati. Ngati msodziyo wakhala phwii m'kati ngati ali m'bafa, ndiye kuti wojambulayo watengera za pa intaneti, pamene mabwato ali pakhomo pake. Nanga manja? Munthu wokoka chilimira zaka ndi zaka sakhala ndi zala zosalala ngati za kalaliki. Khungu nalo: ambiri amaliyeretsa mpaka msodzi kuoneka ngati wadzola mafuta oyeretsa, ena amalipaka imvi ngati phulusa. Khungu lakuda lili ndi kufiirira kwake, ndipo limanyezimira likanyowa. Maso aakulu a makatuni a ku Japan si tchimo, koma mufunseni ngati anawasankha dala kapena dzanja linangozolowera.

Ndikudziwa chimene munene: "Ine zojambula sindizidziwa." Aaa, chonde. Kodi mumafunika kukhala msodzi kuti mudziwe kuti chambo ichi chagona? Nkhope za anthu mwakhala mukuziona chibadwire. Khosi likatalika kuposa muyeso, diso lanu limadziwa pakamwa pasanatseguke. Ena mumati mwana afooka. Chimene chimafooketsa ndi chipongwe, ndipo inu a gulu la chipongwe ndili nanunso mawu. Kunena kuti "zachibwana izi" kapena "kasake ganyu" n'chimodzimodzi ndi kunena kuti "zili bho": onse awirinu simunayang'ane chithunzicho, ndipo mwanayo wachoka wopanda choti akakonze.

Kudzudzula kothandiza kumayamba ndi funso: munthu ameneyu ndi ndani, ndipo umafuna kuti ndimve chiyani ndikamuona? Akati ndi bambo amene wabwerako wopanda nsomba, pamene nkhope ikuseka ngati ya pa chikwangwani cha malonda, vuto laonekera lokha. Kenako tchulani chimene chatheka, mochiloza ndi chala: makwinya a pamphumipa andigwira mtima. Mukatero nenani chinthu chimodzi kapena ziwiri zoti akonze, zazikulu zokhazokha. Mukamuunjikira khumi, sakonza ngakhale chimodzi. Ndipo musamulande foni kuti mumujambulire; chithunzicho ndi chake.

Kumbukiraninso kuti pa foni kukonza n'kotchipa. Wa pansalu akalakwitsa wataya penti ndi ndalama. Wa pa foni amangotsegula layer ina, kuyesa mthunzi watsopano, ukapanda kumusangalatsa n'kuufufuta. Ndiye mukuopa chiyani kumuuza?

Nkhaniyi ndi yaikulu kuposa mmene mukuiganizira. Dera limeneli lakhala likutchulidwa ndi kufotokozedwa ndi anthu obwera. Dzina loti Cape Maclear analipereka David Livingstone polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Amishoni a Livingstonia anafika mu 1875, n'kusamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo mabuku amakamba kwambiri za manda awo kuposa za eni mudzi. Lero ana a ku Chembe ali ndi chida m'manja choti ajambulire agogo awo, amayi oyanika usipa pa mathandala, ndi anzawo, mmene iwo eni amawaonera. Zithunzi zimenezo zikatuluka zofooka chifukwa tonse tinangoombera m'manja, mlandu udzakhala wathu.

Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Sanati wakudula khutu. Mwana akakutambasulirani foni mawa, khalani nayo mphindi zisanu, muyang'ane bwinobwino, kenako mutsine.