Gogodera wa m'katoni: wogulitsa asathawe udindo

Ku America kuli malonda amene kuno ambiri angawamve ngati nthano. Munthu amaitanitsa mfuti ya gogodera, ija yothira wonga kukamwa, ndipo imabwera m'katoni ili zidutswazidutswa: mpope pawokha, thabwa palokha, loko, timisomali ndi kachitsulo kokhethemulira. Zolumikiza akaonere yekha kunyumba. Lamulo la mfuti la dziko lonselo, la mchaka cha 1968, siliika mfuti zotere m'gulu la mfuti zamakono, choncho m'zigawo zambiri katoniyo imafika pakhomo monga momwe ifikira nsapato.

Gogodera sitikumumva lero ife. Anadza kuno ndi amalonda a minyanga ndi akapolo m'zaka za m'ma 1800, ndipo kusunga mfuti kuno kumafuna chilolezo cha boma. Kwa anzathuwa ndi masewera ndi ulenje. Kampani ya Thompson/Center inatulutsa mfuti yotchedwa Hawken mu 1970, potengera dzina la Jacob ndi Samuel Hawken, amisiri a ku St. Louis, ndipo kanema wa Jeremiah Johnson atatuluka mu 1972 anthu anaikonda zedi. Ku Pennsylvania mpaka kuli nyengo yapadera, Khrisimasi ikangodutsa, yosaka nyama ndi mfuti zoyatsira mwala.

Izi ine ndilibe nazo mlandu. Mlandu wanga uli pa kachitsulo kokhethemulira kaja, ndi pa wogulitsa amene amakasiya m'manja mwa munthu woti sanagwirepo tchizulo chibadwire.

Tamvani mmene zimakhalira. Mkati mwa loko muli kagudumu kokhala ndi mipata iwiri. Mukakokera kanyundo kumbuyo, kadzino kachitsulo kamagwa mu mpata woyamba, wopumira, kenaka wachiwiri, wowombera. Chimene chikuletsa mfuti kulira ndi kadzinoko basi. Ntchito ya chokhethemulira ndi kukankha mkono wa kadzino kuti kachoke mu mpata. Tsono chokhethemuliracho chimakhala m'dzenje losema m'thabwa. Dzenje likazama kwambiri, chitsulo chimatsamira mkono uja nthawi zonse, kadzino sikalowa bwino, ndipo mfuti ingathe kulira mutangoigunda pa chitsa. Likachepa, chala chimayenda ulendo wautali osakhudza kanthu. Pakati pa ziwirizi pali kusiyana kochepa zedi, ngati kuchindikala kwa chikhadabo. Musaiwalenso kuti thabwa ndi mtengo: mvula ikagwa limafufuma, ndipo zimene zinali bwino pa benchi zimasintha kutchire.

Palinso kamtima kena kamene tonse timakadziwa, kofuna kugometsa anzathu. Mfuti zambiri za mtundu wa Hawken zili ndi zokhethemulira ziwiri. Chakumbuyo chimatchera, chakutsogolo chimaombola mukangochikhudza. Ena amapotokola kasikuluwu kapena kupala kadzino ndi tupa kuti chifewe koposa, ati kuti aziombera molunjika. Chabwino, koma m'mwezi wa January ku Pennsylvania zala zimakhala zitauma ndi chisanu, zilinso m'magolovesi. Chala chotero chingamve bwanji kuti chakhudza? Ndipo wovulala kawirikawiri si amene anagwira tupa, koma mnzake amene akuyenda patsogolo.

Inu amalonda mundimvetsa msanga. Mukagulitsa njinga, goloko ndi kaliyala wogula angamange yekha, koma mabuleki mumaonetsetsa musanalandire ndalama. Chimodzimodzi apa. Ngati lamulo silifunsa kuti wogula ndani, udindo wonse watsala kwa mwini katundu. Kampani ikonzeretu dzenjelo, iboworetu pomwe padzalowe kamsomali kogwira chokhethemulira, iyese loko isanatseke katoni. Zosatheka ayi. Jim Kibler wa ku Ohio amasema matabwa a mfuti zake ndi makina oyendera kompyuta, moti zidutswa zimalowana popanda kusema kwambiri. Inde katundu wake ndi wokwera mtengo kuposa makatoni otchipa, koma akusonyeza kuti njira ilipo.

Ena akuti kutero ndi kupha luso, poti amisiri akale ankasema zonse ndi manja. Zoona. Koma amisiri amenewo ankakhala zaka pa mapazi a mmisiri wamkulu asanaloledwe kukhudza loko ya kasitomala. Wa katoniyu mphunzitsi wake ndi kapepala ndi kanema wa pa YouTube. Ntchito yoonetsera luso siinathe: kupala thabwa, kulipaka mafuta, kupukuta mkuwa, kujambula maluwa. Apo akalakwitsa, mfuti ingonyansa.

Amene akufunabe kusema yekha aphunzire pamaso pa odziwa. Bungwe la National Muzzle Loading Rifle Association lakhalapo kuyambira 1933, ndipo limasonkhana ku Friendship, m'chigawo cha Indiana, komwe amisiri otere sasowa. Ndipo pa kapepala ka m'katoni, mau oyamba, a zilembo zikuluzikulu, akhale akuti asanathire wonga ngakhale pang'ono, akoke kanyundo mpaka kumapeto, akakankhe ndi chala chachikulu, agunditse thabwa pansi. Kanyundo kakagwa, mfutiyo ibwerere pa benchi.