Telala wanga wa ku America anadya dipoziti

Abale anzanga a pamsika, sabata ino tiyeni tipumuleko pa za mitengo ya tomato ndi matikiti a msika. Ndabwera ndi dandaulo langa-langa, ndipo ndikufuna mundiweruzire inuyo, poti kuwawa kwa ngongole mumakudziwa kuposa majaji.

Telala uja tonse timamudziwa. Umupatsa nsalu, akuyeza bwino-bwino, ulipira dipoziti, iye n'kuti "bwerani Lachisanu." Lachisanu lija upeza wasoka mkono umodzi. Ukwati umene umafuna kukatchenera uchitika, eni ukwatiwo mpaka abereka, suti yako ikadali pakhoma yopanda kolala. Wanga telala wotereyu ali ku America, dzina lake George R. R. Martin. Sasoka zovala ayi, amalemba mabuku.

Zinayamba chonchi. Pali mnyamata wina amayala mabuku akale pakhonde la sitolo ku Limbe, aja amabwera ngati kaunjika, ena opanda chikuto, ena olembedwa maina a eni ake akunja. Tsiku lina nditabisala mvula pakhondepo, anandipatsira chibukhu chonenepa ngati njerwa. "Madala, ili mukaliyamba nsima idzazizira pa mbale." Ndinaseka, ndinatsitsa mtengo monga mwa mwambo, n'kulitenga. Linali A Game of Thrones, lomwe linatuluka koyamba mu 1996.

Kwa amene simunawaonepo, mabuku a mtundu umenewu Azungu amawatcha fantasy. Ndi nthano basi, koma za akulu-akulu. Wolemba amapeka dziko lake, mafumu ake, milungu yake, mpaka mapu kujambula kutsogolo kwa bukhu. M'dziko la Martin, lotchedwa Westeros, nyengo yozizira imatha kukhala zaka. Kumpoto kuli chikhoma cha madzi oundana, ndipo kuseri kwake kuli zinthu zimene zimadzutsa akufa n'kuwayendetsa ngati ndondocha. Kutsidya la nyanja kuli mtsikana, Daenerys, amene waswetsa mazira a zinjoka zamapiko zolavula moto. Pakatipo mabanja a mafumu akuphana chifukwa cha mpando umodzi. Ndipo bambo amene ukuganiza kuti ndiye mwini nkhani, munthu wachilungamo Ned Stark, akumudula mutu bukhu loyamba lomwelo lisanathe. Mnyamata uja sananame. Nsima inazizira ndithu.

Vuto linali loti kumapeto nkhani siinathe. Inangoima, ngati minibasi yothera mafuta pa Chichiri. Kubwerera kwa mnyamata uja, akuti "aaa madala, amenewo ndi ambiri, ndikusungirani akabwera." Tsono mabuku a kaunjika sabwera pa mzere. Ndinapeza lachinayi ndisanaone lachiwiri, ndipo linakhala pamwamba pa kabati chaka chathunthu ine ndikuliyang'ana ngati ndiwo za alendo. Mpaka ndinawapeza onse asanu.

Sindinkawerenga ndekha. Ndinali ndi mnzanga wogulitsa misomali, maloko ndi mahinjesi, munthu wokonda kuwerenga zedi, moti makasitomala amachita kumugwedeza kuti awapatse chenji. Ndikamaliza bukhu ndinkamusiyira pa benchi yake. Lachisanu lija, A Dance with Dragons, ndi la masamba pafupifupi 1,000, ndipo chakumapeto kwake mnyamata amene tonse tinkamudalira, Jon Snow, akubayidwa ndi mipeni ndi anzake omwe, n'kugwa. Basi. Wafa kapena sanafe, bukhu silinena. Kuyambira tsiku limenelo moni wa mnzanga uja anasintha. Ndikangotulukira, iye: "Achimwene, mwana uja wadzuka?"

Tsopano tamvani madeti, muone ngati ndikumunamizira mkuluyu. Bukhu loyamba 1996. Lachiwiri 1998. Lachitatu 2000. Apa telala anali pa liwiro, makina akulira usiku ndi usana. Lachinayi, A Feast for Crows, linadzatuluka mu 2005, ndipo anthu atatu amene owerenga amawafuna kwambiri, Jon, Daenerys ndi kamkulu kafupi kochenjera kaja Tyrion, nkhani zao munalibe. Kumapeto kwa bukhulo Martin analemba kuti nkhani inakula, waigawa pawiri, ndipo akuyembekeza kuti theka linalo lituluka chaka chotsatira. Chaka chotsatiracho chinakhala 2011. Zaka zisanu ndi chimodzi! Lachisanu ndi chimodzi, limene dzina analipatsa kale kuti The Winds of Winter, m'mene chaka cha 2024 chimatha linali litakwanitsa zaka 13 likudikiridwa, osaoneka. Ndipo si lomaliza, pambuyo pake akuti pali linanso. Mwini wake anabadwa mu 1948. Masamu ake chitani nokha, ine ndikuopa kulaula.

Poyamba penipeni mkuluyu ankati alemba mabuku atatu okha. Atatu anasanduka asanu ndi awiri. Ine m'mene ndikuonera, anachita zimene amachita munthu amene bizinesi yamuyendera msanga: watsegula benchi ya nsomba, mawa ya makala, mkuja ya kaunjika, kenaka sadziwanso kuti mpamba uli pati. Bukhu lililonse amaonjezera anthu atsopano, mizinda yatsopano, ziwembu zatsopano, ndipo aliyense mwa anthu amenewa ayenera kufikitsidwa kumathero. Kumwaza chimanga pabwalo n'kosavuta, ntchito ili potola.

Pamene ife tinali kudikira, kampani ya kanema ya HBO inatenga nkhaniyi n'kuyamba kuionetsa mu 2011. Mu Januwale 2016 Martin anavomera poyera kuti walephera kumaliza bukhu pa nthawi yake, ndipo a kanemawo anamupitirira n'kukamaliza okha mu 2019. Mathero ake anakwiyitsa anthu kotero kuti oposa 1 miliyoni anasaina chikalata pa intaneti chofuna kuti gawo lomalizalo alipangenso. M'kanemamo Jon Snow anadzuka. Ndinathamanga kukamuuza mnzanga uja, poti anyamata oika mafilimu m'mafoni anali nayo. Anakana ngakhale kuyang'ana. "Zimenezo ndi za a kanema, achimwene. Mwini nkhani sananene." Mnzangayo tinamuika m'manda mu 2021. Mabuku anga awiri anabwera nawo ndi mkazi wake atawakulunga m'chitenje, lachisanu lija lili ndi kapepala ka lisiti pa tsamba lomwe Jon anagwera.

Ndiye wina asandiuze kuti izi ndi nkhani za masewera.

Ndikudziwa mbali inayo, ndipo siyopusa. Mu 2009 wolemba mnzake, Neil Gaiman, anayankha wowerenga wina wodandaula ngati ine kuti Martin si wantchito wa munthu, ndipo amene wagula bukhu walipira bukhu lomwelo, osati ena amene sanalembedwe. Zoona, kulemba si kuumba njerwa kuti ungathe kuwerenga zingati pa tsiku. Ndiponso ndikuvomera kuti bukhu lophikidwa mothamanga likanatipweteka m'mimba monga anachitira a kanema aja. Koma a Gaiman, taimani kaye. Munthu akandigulitsa nsapato ya kumanzere n'kundiuza kuti ya kumanja ikubwera, nditenge kuti ndagula chiyani? Nsapato imodzi, kapena lonjezo la peyala? Ine sindikanapereka ndalama yanga pa nkhani yopanda mathero ndikanauzidwa poyamba. Chimene chimandiwawa kwambiri n'choti makina a telalayu sanaime. Mu 2018 anatulutsa chibukhu china, Fire & Blood, chofotokoza mbiri ya makolo a Daenerys, chimene a HBO anapangira kanema wina mu 2022. Makatani a anthu ena akusokedwa, suti yanga ili pomwe paja.

Si onse otere, ndisawaipitsire mbiri. J. K. Rowling anati nkhani ya Harry Potter idzakhala mabuku asanu ndi awiri, ndipo kuyambira 1997 kufika 2007 anapereka asanu ndi awiri, ngongole yatha. Koma amene ndimamuvulira chipewa ndi Robert Jordan, mwini The Wheel of Time. Ameneyu naye anali ndi matenda otalikitsa nkhani. Anayamba mu 1990, ndipo pofika bukhu lakhumi mu 2003 anali akuthira madzi mu mkaka: masamba mazana-mazana anthu akungoyenda, kukambirana ndi kukonza madiresi, mbali yaikulu ikungobwereza masiku omwe bukhu lapitalo linafika kale. Ndinatsala pang'ono kulipereka kwa amayi ogulitsa mtedza kuti azikulungira. Koma atauzidwa kuti ali ndi matenda oopsa a mtima, bamboyu anakhala pansi n'kusiya zolemba ndi mau ojambulidwa ofotokoza m'mene nkhani idzathere. Anamwalira mu 2007 atatulutsa mabuku 11. Mkazi wake, Harriet McDougal, amenenso anali mkonzi wa mabuku akewo, anasankha wolemba wachinyamata, Brandon Sanderson, ndipo iye anamaliza ndi mabuku atatu, lomaliza mu 2013. Onse pamodzi 14. Msoko wa Sanderson umaoneka kuti ndi dzanja lina, sindikana, koma suti inavalidwa. Ameneyo ndiye munthu amene podwala amaitana ana n'kuwauza kuti wakuti ndili naye ngongole yakuti, mukabweze.

Nanga mkulu wa onse, J. R. R. Tolkien? The Lord of the Rings timaiona ngati mabuku atatu, a 1954 ndi 1955, koma iye analemba nkhani yonse n'kuimaliza, ndipo osindikiza ndiwo anaigawa patatu chifukwa cha kudula kwa mapepala. Katundu yense anali m'nyumba asanayale benchi. Pambuyo pake anayesa kulemba yopitiriza, The New Shadow, koma atalemba masamba 13 okha anaona kuti siikupita kwabwino, n'kuisiya asanagulitseko munthu ngakhale tsamba limodzi. Agogo athu nawo ankatero. Nthano ikayamba ndi "padangotero" ife n'kuvomera "tili tonse," sankatigoneka kalulu ali m'kamwa mwa fisi kuti tidzamve chaka chamawa.

Choncho ndinadziikira lamulo: bukhu lililonse lolembedwa "Book One" pachikuto, ndiyambe ndafufuza ngati lomaliza linatuluka. Ndinalisunga lamuloli mpaka Loweruka lapitali, pamene mnyamata wa ku Limbe uja, amene tsopano ndi bambo wa ndevu zake, anandikodola. "Madala, ndakusungirani china." The Name of the Wind, la Patrick Rothfuss. Ameneyu mbiri yake ndimaidziwa: analonjeza mabuku atatu, loyamba 2007, lachiwiri 2011, lachitatu likudikiridwa limodzi ndi la Martin. Ndinamuuza kuti ayi, ine za matelala ndinasiya. Iye osatsutsa, anangoti nditsegule tsamba loyamba ndiwerenge ndili chiimire, kwaulere, poti mvula inali itayambanso.

Pano ndili pa tsamba 212. Amene muli ndi lachiwiri lake, mundipeza pa benchi ya mai a nthochi pafupi ndi geti, mtengo tikambirana.